Mfuti yosungitsa m'denga mwa a Nagama

Linali Loweruka la pambuyo pa Pasaka, zaka ziwiri zapitazo, 3 koloko masana. Nthawiyo ndimaikumbukira bwino chifukwa belu la kutchalitchi linali litangolira kuitana a kwaya. Pa ola limenelo ndinasanduka mayi wamasiye.

Inu amene mumawerenga tsamba lino sabata ndi sabata munazolowera kuti ndimakamba za kabichi, za manyowa, za chisanu chimene chimawaula mbatatesi kuno ku Bembeke. Nkhani iyi sindinailembepo. Lero ndiilemba, chifukwa cha zimene zandichitikira Lachiwiri lapitali.

Koma ndiyambe ndi Loweruka lija.

Tinali pakhomo pa alamu anga aakulu, amene anali atamwalira mwezi umodzi m'mbuyomo. Linali tsiku logawa katundu wawo. Mukudziwa mmene timachitira. Mkeka pakati, sutikesi pamkekapo, abale mozungulira. Chinthu chilichonse chimatulutsidwa, nkukwezedwa m'mwamba kuti aliyense achione, kenako chimadutsa m'manja mwa anthu mpaka chikafike kwa woyenera. Jekete inadutsa. Nsapato zinadutsa. Wailesi inadutsa, anthu nkumaseka kuti malemu ankachita kuimenya mbama kuti iyankhule.

Pansi penipeni pa sutikesi panali chinthu chokulunga m'nsanza ya mafuta. Atamasula, inali mfuti yaing'ono ya m'manja, ija amati pisito.

Amuna anga, a Matiyasi, anakhala tsidya lina la mkeka. Anati, "Iyayi, chimenecho chiikeni pansi."

Mng'ono wawo, a Gabiriyele, anagwirapo ntchito ya ulonda ku Lilongwe, ndiye ankati za mfuti amazidziwa. Anati, "Achimwene, musaope. Taonani." Anadina penapake, kabokosi ka zipolopolo nkusolokera m'dzanja mwawo. Anakakweza m'mwamba monga mwa mwambo, tonse nkukaona. "Mano ake ndi awa. Panopa changokhala chitsulo wamba."

Pofuna kutitsimikizira, anakhethemula.

Mfuti inalira, nkulasa amuna anga. Anatsirizikira pa galimoto yonyamula mbatatesi, tisanafike nkomwe pamsewu waukulu.

Sindikulemba kuti mundilirire. Ndinalira kale, ndipo misozi inagwira ntchito yake. Za kukhoti zinayenda, zinatha. A Gabiriyele alipo. Nthawi yososa ikafika amabwera ndi khasu m'mawa, nkuunga mizere m'munda mwanga, osalankhula kanthu, osalandira ngakhale madzi akumwa. Chaka chathachi ndinawaimira ndi kapu m'manja mpaka anamwa.

Tsono Lachiwiri lapitali ndinali kudimba, ndikuwokera kabichi, pamene anafika a Nagama. Awa ndi anzanga oyandikana nawo nyumba, ndipo amuna awo tinawaika m'manda masabata atatu apitawo. Anaima kumapeto kwa mzere, mpango wakuda uli kumutu, osafuna kukhala pansi.

"A Nambewe, ndaona chinthu m'denga."

"Njoka?"

"Bola njoka."

Anati ankatsitsa katundu wa malemu, kukonzekera mwambo wogawa umene uliko Loweruka likubwerali. Pakati pa mtengo wa denga ndi udzu anakhudza kachikwama kachikopa. Sanafunikire kukatsekula. Ankakadziwa.

Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, pamene othawa anadzaza midzi yathu ino, amuna awo anasunga banja lina. Bambo wa banjalo anali wapolisi kwawoko. Nkhondo itatha, pobwerera, anasungitsa mfuti yake kwa amuna a a Nagama, nati adzaitenga zinthu zikakhazikika. Sanabwerenso. Denga linafoleredwa kambirimbiri, ndipo ulendo uliwonse malemu ankatsitsa kachikwamako, nkukabwezeranso udzu watsopano ukakwera.

"Ndiye mwaganiza bwanji?" ndinafunsa.

"Loweruka ndingoika pamkeka, eni ake a malemu aone chochita. Alamu anga anena kale kuti akuifuna, akuti akuba mbuzi awatopetsa."

Pamkeka!

 Ndinagubuduza ndowa yothirira nkukhalapo.

"A Nagama, tsiku lija munalipo. Ndinu amene munandimanga chitenje m'chiuno."

"Ndinalipo, mnzanga. Koma iyi yakhala zaka zoposa makumi atatu. Inafa kale ndi mwaye."

"Ija inakhala zaka zingati?"



Kenako a Nagama anatulutsa zimene zinali kumtima. Choyamba, akapita kupolisi akamangidwa, ndipo pamsinkhu wawo sangagone pasimenti. Chachiwiri, anthu adzati mayi uja mwamuna wake asanazizire nkomwe m'manda wakamunenera kupolisi. Chachitatu ndicho chinali cholemera kwambiri.

"Si yathu, a Nambewe. Ndi yosungitsa. Chosungitsa sapereka kwa wina."

Pamenepa, owerenga, sindinawaseke, ndipo inunso musawaseke. Mwambo umenewu ndi wabwino. Ndi umene umachititsa kuti munthu apite kukagwira ntchito ku Joni nkudzapeza njinga yake ili bwinobwino kwa mnzake. Ndi umene unachititsa kuti alendo aja atikhulupirire nthawi ya mavuto awo. Ine ndemwe ndikusunga makina osokera a mphwanga amene anakakwatiwa ku Mchinji, ndipo sindinawagwiritsepo ntchito ngakhale tsiku limodzi.

Koma makina osokera angaphe munthu?

Vuto lathu ndi lakuti timatenga mfuti ngati katundu wina aliyense. Timaisunga ngati khasu, nkuigawa ngati jekete. Pamwamba pa apo timawonjezera chinsinsi. Mwamuna amadziwa, mkazi amadziwa koma amachita ngati sadziwa, ana sadziwa konse. Tsiku limene wodziwa uja wapita kumanda, chinthucho chimatulukira pagulu, pakati pa anthu achisoni amene palibe ndi mmodzi yemwe anaphunzira kachigwiridwe kake. Ndipo pagulu lililonse sipalephera kupezeka wina wonena kuti, "Bweretsani kuno, ine ndimadziwa."

Kodi ndi madenga angati kuno kumapiri, kuyambira ku Bembeke mpaka ku Chongoni, amene akusunga zotsala za nkhondo ija? Ine sindikudziwa. Ndikungodziwa nyumba ziwiri, ndipo zonse zili m'mudzi umodzi.

Ndiulule kulakwa kwanga. Zaka ziwiri zonsezi ndinakhala chete. Anthu akutali akandifunsa, ndinkangoti amuna anga anachita ngozi. Ndinkaopa kuchititsa manyazi banja lawo. Ndili chete choncho, mnzanga woyandikana naye ankagona pansi pa chinthu chomwecho, ndipo akanachiika pamkeka Loweruka.

Ndinawauza a Nagama kuti, "Tiyeni tikanene. Akakumangani, andimange ndi ine, tikafunditsane."

Anaseka pang'ono. Kenako anati akakonzeke. Nditapita kukawatenga, ndinapeza atamanga kamtolo: bulangete, sopo ndi kolona.

Chitseko tinatseka ndi loko, kachikwama kaja tinakasiya pomwe kanali. M'njira anaima kawiri, nati mwina tibwerere. Kachiwiriko ndinangowalanda kamtolo kaja nkupitirira, iwo nkumanditsatira akudandaula.

Kupolisi tinapeza mayi wina, sajeni, wamsinkhu wa mwana wanga woyamba. Anatimvetsera mpaka kumapeto osatidula mawu. Funso lake loyamba linali lakuti, "Mwaigwira?"

"Kachikwama kokha," anatero a Nagama.

"Mwachita bwino kwambiri kusabwera nayo. Nanga bulangeteli ndi la chiyani, amayi?"

"Ndinamva kuti m'selo mumazizira."

"Mumaziziradi. Koma munthu wodzatiuza chinthu chotere timamuthokoza. Bulangetelo mukafunde kwanu."

Anawafunsa mafunso ambiri ndithu, nalemba zonse, a Nagama nkudinda chala. Masana omwewo sajeni uja anabwera kumudzi ndi mnzake wamwamuna.

Ndikufuna ndikuuzeni mmene mayi ameneyu anaigwirira, chifukwa ndinaonetsetsa. Anayamba watiuza tonse kuti tiime kumbuyo kwake. Anatuluka nayo kuseri kwa nyumba, kukamwa kwa mfutiyo kutaloza pansi, pachulu. Sanailozetse kwa munthu ngakhale kamphindi. Chala chake chinali chowongoka, chitagona m'mbali, kutali ndi kachitsulo kokhethemulira. Anasolola kabokosi ka zipolopolo, monga anachitira a Gabiriyele tsiku lija.

Koma iye sanati yatha. Anagwira chitsulo cha pamwamba, nachikokera m'mbuyo. Chinalimba ndi dzimbiri, anakoka kachiwiri. Chipolopolo chimodzi chinadumpha nkugwera pafumbi.

Anasuzumira mkati, nasuzumiranso. Mnzake uja naye anasuzumira. Apo mpamene anatiitana.

A Nagama anakhala pansi pomwepo. "Mayo ine! Ana asanu ndawalerera pansi pa chimenechi."

Sajeni uja anatola chipolopolocho natiuza mbiri yake. Anati mfuti za mtundu umenewu zinayamba kupangidwa ku Jeremani kalekale, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, ndipo anazipangira apolisi. Zinali zazing'ono, zopepuka, zokwana m'thumba la jekete. Maiko ena anazikonda nayamba kupanga zawo zofanana nazo, ndiye zinafalikira kutali. Chimene apolisi ankazikondera ndi ichi: ikawomba, yokha imataya chikhungwa cha chipolopolo chowombedwacho, nkukoka chipolopolo china kuchokera m'kabokosi kaja kuchiika pakhosi, chokonzeka kale. Ndiye ukachotsa kabokosi, cha pakhosicho chimatsala. Kunja sichioneka.

"Mfuti zambiri zotere zimawomba ngakhale kabokosi kachotsedwa," anatero. "Ndipo chipolopolo sichikalamba ngati munthu. Ife anatiphunzitsa kuti mfuti iliyonse ili ndi chipolopolo, ngakhale waiona wekha kuti ilibe."

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma pamenepo ndinamvetsa chimene chinachitika Loweruka lija. Zaka ziwiri ndinkadzifunsa kuti chipolopolo chinachokera kuti, popeza tonse tinaona kabokosi kali m'mwamba. Ena ankanong'ona za matsenga. Ena ankati a Gabiriyele anali ndi mangawa ndi achimwene awo. Ayi. Chinali pakhosi. Alamu anga ankadziwa theka la nkhani, ndipo theka linalo ndi limene linapha m'bale wawo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

A Nagama anali ndi funso limodzi lotsala. "Nanga mwini wake akabwera, ndidzamuuza chiyani?"

"Mudzamulondolere kwa ife, amayi. Mwamusungira nthawi yaitali. Tsopano tikulandirani katunduyu."

Anawapatsa kapepala kosonyeza kuti mfutiyo yatengedwa, ndipo iwo anakapinda nkukaika m'buku la nyimbo.

Sindinama kuti aliyense anakondwa. M'mawa mwake alamu awo aja anabwera atakwiya, nati mkazi alibe mphamvu pa katundu wa malemu mwambo usanachitike. A Nagama, omwe aja ananyamula bulangete dzulo lake, anawayankha ali chiimire pakhonde: "Alamu, jekete mudzatenga, njinga mudzatenga. Za mbuzi, kalimbitseni khola. Pakhomo pano maliro akwana." Alamuwo anang'ung'udza mpaka pamsewu, koma Loweruka akuti abwera.

Tsono ndikulankhula ndi inu, makamaka amayi anzanga, chifukwa ndife timasesa m'nyumba ndipo timadziwa zimene zili m'denga, pansi pa bedi ndi m'nkhokwe. Sindikukuphunzitsani kutsekula mfuti. Zimene anachita sajeni uja ndi ntchito ya ophunzira. Yathu ndi yochepa: osaigwira, osaionetsa ana, osaitanira wodziwa wa m'mudzi, osainyamula m'chitenje kupita nayo kupolisi. Tsekani chitseko, pitani mukanene. Ngati mukuopa, tengani mnzanu. Sindingakulonjezeni kuti sakakufunsani mafunso. Akakufunsani. Koma kodi mafunso ndi bokosi la maliro, chopepuka nchiti?

Nanunso abambo amene muli moyo ndipo mukudziwa chimene munabisa, mukudikira chiyani? Mukufuna adzachitulutse ana anu pamkeka inu mutagona?

Chimene chandilimbitsa mtima ndi ichi. Lachinayi pa mapemphero a mphakati a Nagama anaimirira okha nkufotokoza zonse, mpaka za bulangete, anthu nkuseka. Titabalalika, mayi wina ananditsatira mpaka pachitsime, nandifunsa motsitsa mawu ngati sajeni uja amapezeka tsiku lililonse. Sindinamufunse chifukwa chake. Ndinangomuuza kuti Lolemba ndilibe ntchito kudimba.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, ndinapita kwa a Gabiriyele. Ndinawapeza akusema mpini. Ndinawafotokozera za chipolopolo cha pakhosi, mmene chinadumphira nkugwera pafumbi.  Kenako anati, "Alamu, mukadzafuna munthu woti akauze amuna anzanga zimenezi, mudzandiitane." Aka kanali koyamba kundilankhula mawu oposa moni chichitikireni ngozi ija.

Ndiye ntchito yanga tsopano ndi iyi. Ndikamva kuti pakhomo pena pali mwambo wogawa katundu, ndizipita tsikulo lisanafike, nkukhala pansi ndi wamasiye, nkumufunsa ngati m'denga ndi m'sutikesi waonamo. Akati muli chinthu, tizitseka chitseko, ndipo ndizimuperekeza kupolisi.