Tsekwe wa kuseri kwa munda wa a malume

Telefoniyo sinali yanga. Inali ya gulu la zachilengedwe la ku shikola kwathu, gulu lomwe linayamba ndi ana odzaza kalasi n'kutsala ndi ine ndekha, anzanga atamva kuti kulibe masikipa kapena zakumwa. A pulofesora a biyolojiya, mayi ochokera ku Cuamba amene anali asanazolowere udzudzu wathu, anandipatsa ine chifukwa kwathu n'kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Anawonjezera kuti ndine mwana wosalankhula, choncho mbalame sizidzandithawa. Mawu amenewo ndinakawalemba m'kaderno yanga, kabuku kolembamo za tsiku ndi tsiku, ndisakudziwa ngati kunali kundiyamikira.

M'telefonimo munali pulogalamu yolembera mbalame. Ntchito yake inali yosavuta. Ukaona mbalame umafufuza chithunzi chake, n'kulemba kuti zinalipo zingati, ndipo telefoni imaika kadontho pa mapa pomwe waimapo. Zikatero zonse zimapita kwa anthu akutali amene, pa zifukwa zawo, amafuna kudziwa kuti kakowa anaima pati m'mawa uno.

Kwathu munthu sayang'ana mbalame popanda nkhani. Mpheta umaziyang'ana chifukwa zikudya mpunga, khwangwala chifukwa akuba matemba pathandala, nantchengwa chifukwa ukufuna kuona kuti watera padenga la yani. Zotsalazo timaziyang'ana ndi maso a ndiwo. Ndiye nditayamba kumaima m'mphepete mwa madzi m'mawa uliwonse ndisanapite ku shikola, khosi m'mwamba, amayi ochapa anakafunsa amayi anga ngati ndili bwinobwino. Ena anandifunsa ine mwini kuti tikatha kulemba mbalamezo kudzagawidwa chiyani, pakuti kwathu munthu akayenda ndi telefoni n'kumalemba, pambuyo pake pamabwera maneti a udzudzu kapena mbewu. Ndinawayankha kuti sikudzagawidwa kanthu. Iwo anati olemba onse amayamba kunena choncho.

Tsekwe ndinamupeza mvula ikupita kumapeto, m'mabango a kuseri kwa munda wa mpunga wa a malume. Anali wamkazi, wamkulu, wakuda kumsana ndi woyera kumimba, nkhope yake yofiira ngati wapaka utoto. Ankakhalira mazira. Akandiona sankathawa, ankangotsitsa khosi n'kundiyang'ana ndi diso limodzi, monga ndimachitira ine a pulofesora akamafuna woti ayankhe funso. Ndinamukonda kuyambira tsiku limenelo. Ndinkamulemba m'mawa uliwonse, yemweyo, pamalo pomwepo, ndipo anthu akutaliwo sanadandaule.

A malumewo ndi mlongo wawo wa amayi, ndipo ndiwo eni mbumba yathu. Ndi asodzi, koma nsomba zikavuta amatchera mbalame ndi misampha ya chingwe. Anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo anabwerako ndi njinga ndi ulemu waukulu pa mapepala. Madokumento awo onse amawasunga m'jumbo, ngakhale amene anatha ntchito ine ndisanabadwe. Chaka china kunabwera anthu olemba mayina a asodzi. A malume anali oyamba pamzere, poganiza kuti kukubwera maukonde atsopano. Kunabwera afisikali, oyang'anira usodzi, n'kutenga maukonde a maso aang'ono, kuyambira awo. Kuchokera pamenepo amati chinthu chikalembedwa ndiye kuti chili ndi mwini wake, ngakhale mwiniyo simukumuona.

Nthawi yomwe ndinapeza tsekweyo, mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, anali pafupi kukwatiwa. Akuchimuna anali anthu a malonda a ku Entre Lagos, ndipo a malume anali atanena kale pamsika, anthu akumva, kuti pa chinkhoswe alendo awo sadzadya nsomba za makumba ngati kuti afika pamaliro. Adzadya tsekwe. Ine nkhani imeneyi ndinaimva kwa amayi, ndipo ndinadziwa kuti tsekwe wapafupi ndi mmodzi yekha.

A malume anandipeza m'mabango m'mawa wina, chingwe chikusuzumira m'thumba la kabudula wawo.

"Ukutani pamenepo, iwe?"

"Ndikulemba tsekweyo, a malume."

"Ukumulemba kwa yani?"

Ndinawauza zomwe a pulofesora anandiuza, kuti zimapita kutali, ndipo aliyense wokhala ndi pulogalamuyo atha kuziona, kaya ali ku Lichinga, kaya ku Maputo, kaya kunja. Anafunsa ngati anthuwo amaonanso malo. Ndinawaonetsa kadontho. Anafunsa ngati dzina la mwini munda likuoneka. Ndinati ayi. Iwo anati ndi mmene amachitira, dzinalo amaliona okha kumeneko. Anakankhira chingwe m'kati mwa thumba, n'kuyang'ana tsekweyo kwa kanthawi monga munthu amayang'anira mnzake wa kuubwana amene walowa ntchito ya boma. Kenako anapita kukaona mpunga.

Sindinawauze kuti asamuphe. Mawu oterowo sakanatuluka pakamwa panga pamaso pa a malume. Ndinangoyankha zomwe anafunsa.

Nkhani inafala kudooko. Azibambo amene anali asanandipatsepo moni chibadwire anayamba kuima panjira n'kunditchula kuti achemwali, kufunsa kuti ndadzuka bwanji, kenako kufunsa motsitsa mawu kuti ndi mbalame ziti zalembedwa kale. Ine ndinkanjuta n'kutchula zomwe ndaona. Ankapukusa mutu ngati akumva mitengo ya sopo. Wina anabwera kunyumba ndi bakha wam'madzi wakufa kale m'thumba, kuti ndimuyang'ane kumaso ndi kutsimikiza kuti si uja ndinamulemba dzana. Nditawafotokozera a pulofesora, anaseka mpaka kugwira tebulo, n'kundiuza kuti ndizilemba kwambiri.

Mazira anaswa chinkhoswe chitayandikira, shikola itatsekera. Ndinapeza tiana tachikasu tikutsata mayi wawo pakati pa mabango, tikugwa n'kudzuka. Ndinatilemba n'kuthamangira kunyumba kukaonetsa amayi. A malume anali pakhonde, akumwa tiyi, ndipo anati nawonso aone.

Aliyense wa m'mbali mwa nyanja yathu amadziwa khalidwe la matelefoni. Umakhala pakhomo pako ukusenda chinangwa, telefoni n'kulira kukulandira ku Malawi, dziko lomwe sunapiteko. Yathu m'mawa umenewo inali itagwira mafunde a kutsidya, ndipo inasokonezeka mutu. Kadontho ka tsekwe ndi ana ake kanali kupitirira mzere wa malire, mbali ya Malawi.

A malume anayang'ana nthawi yaitali. Anaika kapu pansi. Ananena mofatsa, ngati munthu amene akuwerenga chigamulo, kuti tsekweyo wasamuka. Walembetsa kutsidya, ndiye kuti boma la kuno lamufufuta. Ndipo chinthu cha boma la Malawi chikasowera m'munda mwawo, imeneyo ndi nkhani ya boma la Malawi, lomwe anthu ake amadya nsomba zathu tsiku lililonse osapepesa. Ndinayesa kunena kuti telefoni yalakwitsa, koma sanandipatse mpata. Iwo anali atayamba kale kuuza amayi kuti agule anyezi.

A pulofesora, amene akanadziwa kukonza kadonthoko, anali ku Cuamba. Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kukalira. Ndinkaganiza za tiana tija, kuti mayi wawo akagwidwa tidzangozungulira m'mabango mpaka ng'anzi itatipeza. Amayi anandipeza komweko. Anati ndisayese kutsutsana ndi a malume, chifukwa palibe wa mbumba yathu amene anawatsutsapo n'kupambana. Koma anatinso mlongo wawo amamudziwa, ndi munthu woti sagona akakayikira pepala.

M'mawa mwake ndinawapeza a malume akukonza chingwe kudooko. Ndinagwada pamchenga, ndipo ndikukhulupirira kuti amenewa ndiwo mawu ataliatali amene ndinalankhulapo kwa munthu wamkulu.

"A malume, telefoni imalemba pomwe munthu waima, osati pomwe mbalame ili. Dzulo ine ndinaima patali, ndipo inali itasokonezeka. Bwanji tikamulembere pafupi, mutsimikize kaye? Mungamugwire, kenako n'kupezeka kuti akadali wa kuno."

Anandiyang'ana ngati mbuzi yalankhula. Ananena kuti ana a masiku ano shikola ikuwawononga. Ananenanso kuti bwato lawo silinyamula atsikana. Kenako anandiuza kuti ndikwere, ndikhale pakati, ndisagwedezeke.

Tsekwe sanali pachisa. Anali atatenga ana ake kupita nawo ku chilumba cha mabango choyandama, cha m'kati ndithu mwa nyanja. A malume anapalasa mwakachetechete, chingwe chili pamapazi awo. Ine ndinagwira telefoni ndi manja awiri, ndikupemphera kuti igwire mafunde a kwathu. Sindinkadziwa ngati Mulungu amalowerera nkhani za matelefoni, koma ndinapempha ndithu.

Tinamuona akutuluka m'mabango, ana ali pamzere kumbuyo kwake. Kamodzi kanatsalira kakujompha tsamba, ndipo mayiyo anaima kukadikira osatembenuka. A malume anasiya kupalasa. Anandiuza ndi chibwano kuti ndilembe.

Ndinalemba. Telefoni inazengereza, inagwira kuno, inagwira kutsidya, kenako inaika kadontho. Kanagwera pamzere penipeni pa malire, theka uku, theka uko.

"Takulitsa," anatero a malume.

Ndinakulitsa ndi zala. Kadontho kanasanduka bwalo lalikulu, mzere n'kudutsa pakati pake. Anati ndikulitsenso. Bwalolo linangokula, ndipo tsopano munali tsekwe, ana ake, bwato, ndi ife tomwe.

A malume anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Ameneyu ali ndi madokumento awiri," anatero monong'ona.

Anandifotokozera, maso ali pa tsekwe, kuti anthu otere amawadziwa. Amavota kuno, amakalandira feteleza kutsidya, ndipo sanaonepo ngakhale mmodzi wa iwo amene alibe wachibale pa ofesi. Munthu wotere ukamukhudza umamangidwa kawiri, ndipo maboma awiriwo amayamba kukanganirana kuti ayambe ndani kukumanga. M'mawu awo munalibe mkwiyo. Munali kansanje pang'ono, chifukwa iwo anakhala ku Malawi zaka zonse zija n'kubwerako ndi mapepala a dziko limodzi lokha. Anayamba kupalasa chobwerera m'mbuyo, pang'onopang'ono kuti madzi asavunduke, n'kundiuza kuti ngati m'telefonimo muli polemba zina, ndilembe kuti ife timangodutsa.

Ndinaweramitsa mutu kuti asaone nkhope yanga. Ndinkamva ngati ndiuluka.

Tili pafupi kufika kumtunda anandifunsa kuti nanga alendo awo adya chiyani. Anatchula abakha am'madzi, ndinati ndinawalemba. Anatchula nkhwali za kumunda, ndinati nazonso. Anatukula nkhafi ikudontha madzi, kenako anafunsa ngati nkhuku zimalembedwa.

Pakhomo pathu nkhuku yonenepa inali imodzi, thadzi lamawangamawanga limene ndinalilera ndekha kuyambira lili kamwanapiye, n'kumaligawira madeya ndi zala. Ndinafufuza m'pulogalamu mofulumira, m'Chipwitikizi, m'zithunzi, paliponse. Munali nkhanga, munali zinziri, munali mbalame za kumayiko a chisanu zimene sizidzafika kwathu mpaka kalekale. Nkhuku ya pakhomo munalibe. Anthu akutali aja amafuna mbalame zakutchire zokha.

"Mulibe, a malume."

"Ndiye ilibe mwini," anatero, n'kukankhira bwato pamchenga.

Alendo a ku Entre Lagos anadya thadzi langa ndi mpunga. Ine ndinkawathirira madzi osamba m'manja. A malume sanachite manyazi ndi lonjezo lawo la pamsika. Anafotokoza nkhani yonse ya tsekwe, mzere ndi bwalo, ndipo akuchimunawo, anthu okhala pachipata cha malire, sanaseke ngakhale pang'ono. Mkulu wawo anati achita bwino kumusiya, ndipo iye akudziwa munthu wina wotero amene ali ndi magalimoto. Anagwirizana kuti msuweni wanga akuchokera kubanja losamala.

Amayi anandisungira ntchafu m'kambale. Ndinaipatsa msuweni, amene chifukwa cha manyazi a ukwati anali asanadye kanthu tsiku lonse. Ine ndinadya mpunga ndi masamba a chinangwa, ndipo m'kaderno ndinalemba za thadzilo masamba awiri, zomwe sindingazibwereze pano.

Ana a tsekwe anakula. Kamodzi kanasowa, sindikudziwa kuti kanadyedwa ndi chiyani. Enawo anamera nthenga zakuda, ndipo madzi atayamba kuphwa anayamba kuuluka ndi mayi wawo, m'mawa kupita kutsidya, masana kubwerera kuminda ya mpunga ya kuno. Amadya mpunga wa a malume mpaka lero. Iwo akawapeza m'munda amaomba m'manja chapatali, mwaulemu, n'kudikira kuti achoke okha.