Ng'oma ya agogo pabwalo lothamangira

Ndikangomva fungo la chikopa chowambidwa pamoto wa mapesi a mpunga, ndimawaona agogo anga aamuna, a Namakhwa, atanyonyomala kuseri kwa nyumba m'mamawa, akutembenuza ng'oma yawo ya tchopa, kuigogoda ndi chala, kutchera khutu, n'kuibwezanso pamoto utsi ukuwalowa m'maso. Makolo awo anachokera ku Mozambiki, ndipo chuma chimene anawasiyira ndi gule ameneyu basi.

Ine guleyo ndinkadana naye. Ndinkafuna kuthamanga. Ndili Sitandade 7, aphunzitsi athu a masewera, a Likaka, analengeza kuti asankha ana atatu okha okapikisana ku Zomba. Ine ku Zomba ndinali ndisanapondeko. Vuto linali lakuti ndinkanyamuka ndi liwiro lonse, kuzungulira bwalo kawiri, mpweya n'kundithera.

"Iwe umathamanga ngati wakuba nkhuku," anatero agogo. "Wakuba sachedwa kugwidwa. Tiye kunyanja."

Chinali chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa mpaka anthu ankapita kuchilumba cha Chisi wapansi. Pamatope ouma ong'alukang'aluka, agogo anandimangirira kathumba ka mchenga kumsana, monga amaberekera katundu ovina tchopa, n'kuyamba kuimba ng'oma. Ndinavina fumbi la mchere likuwawa kukhosi, anzanga akukuwa kuti, "Taonani nkhalamba yaing'ono!"

"Agogo, ine ndikufuna kuthamanga, osati zachikale zanuzi!"

"Tseka pakamwa, ukutaya mpweya. Phazi lisatsogole ng'oma. Wovina tchopa amayamba dzuwa lili apa, n'kumaliza lili apo. Unamuonapo atagwa?"

Tinachita zimenezi milungu itatu, ine ndikung'ung'udza tsiku lililonse.

Tsiku losankha, ndinangoona agogo akulowa pabwalo la sukulu, ng'oma ili m'khwapa. Ndinalakalaka nthaka itandimeza.

"Madala, lero kulibe gule kuno," anatero a Likaka.

"Aphunzitsi, inu imbani wezulo wanu, ine ndiimba wanga."

Wezulo atalira, agogo anayamba kuimba ng'oma, anzanga n'kuchoka ngati akuthawa moto. Ine ndinatsala kumbuyo kwenikweni, anthu akuseka, miyendo ikuyabwa kuti ndiwathamangire, koma ng'oma inkandikaniza. Pozungulira kachisanu ndinayamba kuwapitirira mmodzimmodzi, ena atagwira m'nthiti. Ndinamaliza wachiwiri. Ku Zomba ndinapita, pamwamba pa lole.

Pobwerera, a Likaka anandiuza kuti kuli mayunivesite kumene munthu amaphunzira magule pamodzi ndi masewera olimbitsa thupi, n'kulandira digiri. "Ulimbikire, umenewu ndiye mzere wako." Nditawafotokozera agogo, anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye kuti ine ndinamaliza kalekale! Pepala lokha ndi limene anaiwala kundipatsa."

Kuyunivesiteko sindinafikeko. Ndinalekezera Fomu 2, mayeso atandikana kawiri, ndipo musandifunse zambiri. Amene anafikako avine ndi mapepala awowo. Nthawi zina zimandiwawabe, sindinama.

Agogo anatisiya, ng'oma ili kwanga. Masiku ano ndimanyamula matemba panjinga kuchokera kudoko la Kachulu mpaka kumsika wa ku Zomba. Anyamata amandipitirira m'mamawa akuimba belu, akunditcha mkulu waulesi. Sindiwayankha, kuopa kutaya mpweya. Ndimakawapeza pachitunda atatsika, akukankha njinga zawo, ine ndikupalasabe, ng'oma ili m'mutu, phazi lili pambuyo pake.