A Zoona Aphunzira Kukana

Dzina lawo lenileni lilipo, koma ngakhale akazi awo amachita kuliganizira kaye. Aliyense amangoti a Zoona. Munene kuti kunja kukutentha, iwo: "Zoona." Mnzanu abwere pambuyo panu n'kuti kukuzizira, iwo: "Zoona, zoona." Analeredwa ndi bambo ovuta, oti mwana akangoti "koma", lamba anali atasolola kale. Ndiye mwanayo anadziwa msanga kuti mutu wovomera sutupa.

Ndi mutu womwewo anakwera nawo pantchito. Analowa ku kampani ya madzi ngati wokumba ngalande, n'kukhala wolumikiza mapaipi, kenaka woyang'anira anzawo. Utabwera mwayi woti munthu mmodzi akaphunzire kunja, mabwana anakangana mpaka mawu kusasa, aliyense akukankha wake. Pomaliza anangoti apite a Zoona, poti ndi okhawo amene analibe mdani. Imvi zinali zitayamba kale kusuzumira m'mbali mwa makutu. Anawatsazika ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, mpando wawo n'kupatsa wina tsiku lomwelo. Mlamu wawo ndiye anazungulira abale onse kulengeza kuti banja lapeza injiniya.

Mzinda umene anafikira unali wa anthu oyenda ngati asiya mkaka pamoto. Chipinda anawapatsa pamwamba penipeni, chopapatiza, chakuti akatambasula manja ankakhudza makoma onse awiri. Zenera linkayang'ana khoma la nyumba ina. Chitseko chinali chodzikhoma chokha, ndipo chinawatsekera panja kangapo ali ndi thaulo lokha. Kukhitchini ankagawana firiji ndi ophunzira ang'onoang'ono ngati ana awo, aliyense shelefu yake. A Zoona ankawapatsa moni mmodzimmodzi, anawo n'kuchotsa chomvera m'khutu limodzi, kumwetulira, n'kuchibwezeramo.

Zonsezi anapirira. Kuzizira anapirira, basi yolakwika anapirira. Chimene chinawathyola msana ndi kalasi.

Iwo ankayembekeza bolodi kutsogolo, mphunzitsi ataima, ophunzira makutu tcheru. Anapeza tebulo lozungulira, lopanda kumutu. Mphunzitsi wake anali mayi wachitsikana wobwera panjinga, chisoti m'manja, nsapato zothamangira kuphazi. Akanena chinthu, mwana wina n'kumudula pakamwa, "Ayi, si choncho!" A Zoona ankazyolika, kudikira kuti tsopano wina athamangitsidwa. Koma mphunzitsiyo ankangoseka, n'kumupempha wamwanoyo kuti apitirize.

Iwo anasankha njira imene inawasunga moyo wawo wonse. Ankalemba chilichonse chotuluka pakamwa pa mphunzitsi, mpaka nthabwala. Itafika nthawi yopereka ntchito yolemba, anamubwezera mawu ake onse bwinobwino, osataya ngakhale limodzi. Kwa iwo umenewo ndiye unali ulemu. Munthu akakubwereka khasu, umabweza khasu lomwelo, sukalisula kukhala nkhwangwa.

Mphunzitsi anawaitanira ku ofesi. A Zoona sanakhale pampando mpaka atauzidwa kachiwiri.

"Awa ndi mawu anga," anatero mphunzitsi, chala chili papepala.

"Zoona."

"Nanga anu ali kuti?"

A Zoona anayang'ana nsapato zawo. Mawu awo? Anawasiya kalekale, ali mwana wa kabudula.

Mphunzitsi anafotokoza mofatsa. Pasukulupo, kubwereza za wina n'kuzipereka ngati zako ndi mlandu waukulu. Iye waona kuti sanachite mwachinyengo, ndiye za pepalalo aziiwala. Koma theka la malikisi limachokera pa zokambirana za patebulo, ndipo a Zoona chibwerereni sanalankhulepo. Teremu ikatha zili choncho, sangapitirize, abwerera kwawo.

"Sindikufuna munthu wondivomera, bambo. Nditsutseni. Mundiuze kuti ndalakwa."

"Zoona," anatero a Zoona.

Mphunzitsi anaphimba nkhope ndi manja.

Kubwerera! Anatsika masitepe akuliona bwalo la ndege m'maso: mlamu wawo atavala jekete, ana atanyamula maluwa, iwo akutuluka ndi chikwama chomwe chija, m'manja muli mbee. Kuntchito mpando uli ndi mwini wake. Akanena chiyani? Kuti andibweza chifukwa cha ulemu? Ndani angakhulupirire? Anthu adzati mkuluyu anakagwa m'mowa, kapena anakapezako kamtsikana.

Anayamba kuyeserera. M'chipinda ankaima pagalasi n'kuti "Ayi," koma munthu wa m'galasiyo ankaoneka womvetsa chisoni, mpaka ankamupepesa. Anati ayesere m'sitolo. Wogulitsa atafunsa ngati akufuna jumbo, pakamwa panayankha pokha kuti inde, jumbo ina ili m'thumba. Pakona ya msewu munthu wogawa timapepala anawaitanira ku msonkhano wa anthu okonda agalu. Anapita, n'kukhala mpaka pamapeto, chonsecho galu amamuopa. M'kalasi ankakonza "ayi" wawo kuyambira m'mawa, kumusunga pansi pa lilime ngati piritsi, koma nthawi ikakwana ankangomumeza. Chakudya chinasiya kulowa. Lamba anaboola bowo lina.

Lamlungu lina masana anaimbira akazi awo n'kuulula zonse. Mayiwo anayamba ndi kuseka, kuseka kwake kogwira m'mimba.

"Ndiye akufuna akubwezeni chifukwa simukangana? Akananditumiza ine, bwenzi pano ndili pulofesa!"

"Amayi, si zoseka izi."

"Chabwino, tiyeni ndikuphunzitseni. Ine ndinena, inu mukane. Abambo, thambo ndi lofiira."

"Mwina kumeneko, poti dzuwa likamalowa..."

"Kanani, inu! Chabwino, china. Njinga yanu ija ndapatsa achimwene anga."

"Ngati akuifuna, palibe vuto."

Kuseka kunatha. Mayiwo anapuma mozama.

"Mwana wathu wamkaziyu ndikumusiyitsa sukulu. Kwabwera mwamuna, akwatiwe basi."

Mwana ameneyo ndi amene a Zoona ankamunyamula paphewa popita kukaona thanki yaikulu ya madzi.

"Ngati inu mwaona kuti ndi bwino..."

Kenaka anamva mawu a akazi awo akunjenjemera, mawu amene sanawamvepo chikwatiranireni.

"Ndimanama ine, mwana sakupita kulikonse. Koma abambo, ngakhale pa mwana? Zaka zonsezi ndakhala ndikusenza ndekha nyumba ino. Chilichonse ndiganize ndine, chikalakwika wolakwa ndine. Anthu amati ndinakwatiwa ndi munthu wabwino. Ine ndinkangofuna tsiku limodzi lokha mutandiuza kuti ayi, ndidziwe kuti m'nyumba muno tilimo awiri."

Foni inaduka. A Zoona anakhala pabedi akuyang'ana khoma la nyumba ina lija mpaka khosi kuuma.

Tsiku la zokambirana zotsiriza linafika. Analumbira mumtima kuti chiganizo choyamba chimene mphunzitsi anene, kaya ndi chotani, achikana. Mtima unkagunda mwakuti makutu anatsekeka, osamva kanthu. Atangoona milomo ya mphunzitsi yaima, anadzuka, mpando n'kugwa chagada.

"Ayi!"

Onse a patebulo anawatembenukira. Kumeneko munthu saimirira polankhula. Mphunzitsi anatukula nsidze, nkhope ikuwala.

"Eya! Mukukana kuti paipi yopapatiza imafooketsa madzi akamapita kutali? Tiuzeni chifukwa."

Kalanga ine! Pa zinthu zonse za pansi pano, anakana chinthu chimene ankachidziwa kuposa dzina la amayi awo. Ndi manja awo omwewa anafukulapo mapaipi ang'onoang'ono n'kuikamo aakulu kuti madzi afike kumtunda. Koma njira yobwerera panalibe.

"Chifukwa... madzi akathinidwa amathamanga. Ngati munthu wothinidwa ndi mkodzo."

Kalasi yonse inaphulika. Mtsikana wina wa magalasi anadikira kuti phokoso lithe, n'kuwafotokozera kuti kuthamanga ndi kwina, kufika ndi mphamvu ndi kwina. A Zoona ankadziwa kuti mwanayo akunena zoona zokhazokha.

"Ayi," anateronso, mawu ali ngati a nkhuku yonyowa.

Ophunzirawo anawavula ndi mfundo, chovala chimodzichimodzi. Uyu ajambule pabolodi, uyo abweretse masamu. Iwo anangoima, atagwira m'mphepete mwa tebulo, kuponya zifukwa zopanda mutu, chilichonse n'kugwa asanamalize kuchinena. Sanachitepo manyazi otero, ngakhale masiku a thaulo aja.

Anthu atatuluka, anadzutsa mpando uja n'kutsatira mphunzitsi m'khonde, manja kumbuyo.

"Zonse zimene munanena zija ndi zolakwika," anatero mphunzitsi akumanga chisoti. "Palibe ndi chimodzi chomwe chokhoza."

"Ndikudziwa."

"Malikisi anu akadali pansi kwambiri. Ndikapempha akuluakulu a sukulu kuti akusiyeni teremu ina, koma sindikulonjeza. Akalola, ndikufuna zimenezi sabata iliyonse. Ndipo ulendo wina muzimva kaye chimene mukukanacho."

Sabata iliyonse!

"Mayi mphunzitsi, za mwano ndakuchitirani uja, ndimati ndi..."

"Mukangopepesa, kopempha kuja sindipitako."

Kupepesako kunali kutafika kale pamilomo. A Zoona anatseka pakamwa ndi dzanja, n'kuima choncho m'khondemo, ophunzira akuwalambalala, mpaka mphunzitsi anakhota pakona.