Patapata ya Esinati yavuka iye osamva

Mwaswera bwanji nonse. Tangofika kumene kuchokera kuchipatala ndi Esinati.

Miyendo yake yachitanso dzanzi. M'mawa potsika minibasi pa Mtakataka patapata inamuvuka, iye n'kumangoyenda, phazi lili pa phula lotentha, osamva kanthu. Anatithamangira nayo ndi mayi wina wogulitsa usipa.

Adokotala akuti ndi matenda ake aja a mitsempha, aja amati MS, ndipo chawadzutsa ndi chimfine cha sabata yatha. Akuti kachilombo ka chimfine kakalowa, asilikali a m'thupi mwake amadzuka kukalimbana nako, koma salekera pomwepo. Amayamba kuwononga zokutira mitsempha yake yomwe.

Ndiye atilangiza kuti wotsokomola asamamuyandikire. Vuto ndi loti chimfinecho anabwera nacho ndi azakhali a ku Golomoti, tsiku lija anadzamuona. Pano aimba foni kuti mawa abweranso ndi amayi a kwaya, azakhaliwo akutsokomolabe, ndipo atenga ufa wa masamba a chamwamba woti umukwezere chitetezo. Ndiye kuti asilikali omwe akumuwonongawo atiwonjezere.

Ine ndatopa, abale. Ndikudziwa kuti wodzaona wodwala sabwezedwa pakhomo. Koma womubereka Esinati popita kuchimbudzi ndine ndekha.

Ndiye tichite bwanji? Achimwene, azakhali amamvera inu. Muwaimbira, kapena ndikawayalire mphasa?