Tsiku limene anadzayeza chitsime cha amayi

Ndikukumbukira chitsime chathu cha mu George komboni, chokhala ndi tayala lakale pakamwa pake. Kumunsi kwake kunkadutsa kamtsinje kolandira madzi a m'madamu a suweji, zonyansa za m'zimbudzi, akawayeretsa. Ankaoneka oyera ndithu, koma dzuwa likatentha ankanunkha ngati mazira owola. Amayi ankaphika munkoyo, chakumwa chonga thobwa, wogulitsa kwa antchito a m'mafakitale, ndipo wotunga madzi ndinali ine.

Tsiku lina kunabwera azimayi awiri atavala majombo ndi magolovesi, atanyamula bokosi la timabotolo. Anatunga madzi kumtunda kwa paipi ya suweji, anatunganso kumunsi, kenako analunjika kwathu. Ndinathamangira amayi ndikukuwa kuti kwabwera akuba madzi.

Amayi sanaseke. Kunkamveka mphekesera yoti zitsime zoipa azikwirira, ndipo munkoyo wathu ukanathera pomwepo. Anapukuta mipando msangamsanga n'kudzaza munkoyo m'makapu awiri.

"Ba sisi, imwani, mwalema," anatero amayi.

Wamkulu wa alendowo, ba Mulenga, anayang'ana kapu, n'kuyang'ananso chitsime. "Manzi yake ni ya apa, ba mayo?"

"Ya apa pamene! Onani mwamene mwana wanga anenepela!" Anandikokera kutsogolo, ine woonda ngati mpini wa tsache, maondo otuwa mbuu. Tonse tinaphulika ndi chiseko. Ba Mulenga anathira munkoyowo m'kabotolo kawo, n'kutseka bwinobwino. "Nizamwela ku ofesi," anatero mwaulemu.

Patapita masabata angapo anabweranso. Anafotokoza kuti mtsinje unali woipa kumunsi kwa paipi, ndipo m'chitsime mwathu munali tizilombo totsegula m'mimba, mwina tochokera kumtsinjeko kapena kuchimbudzi cha pafupi. Sanachikwirire, koma anati madzi ake akhale ochapira basi. Amayi anapuma mpweya wautali, ine n'kusangalala, osadziwa kuti kuyambira mawa lake ndizisenza chigubu kuchokera kumpopi wa kumsika, khosi likulira. Koma m'mimba mwa mng'ono wanga, mmene munkavuta dzinja lililonse, munakhala bata.

Lero tili ndi mpopi pabwalo, ngakhale umauma masiku ena, ndipo nyumba zafika mpaka m'mphepete mwa kamtsinje kaja. Amayi akalamba, ndipo asanduka wapolisi wa madzi. Paukwati wa mwana wanga anakana kumwa madzi mpaka atatsegula botolo ndi dzanja lawo, chitsekero chikulira kuti thwa. Adzukulu awo amawaseka, koma akamawapatsa kapu amayamba okha kunena kuti, "Tawilitsa, ambuya."