Mikanda ya Amayi Ili pa Makutu a Anthu

Muli shani nonse, abale anga. Ine mtima ukali kuwawa, mumve izi.

Lelo potuluka m'tchalitchi ku Kabwata, amake Daliso, mnzawo wa malemu Amayi, andikokela pambali. Akuti, "Iwe Esnati, yang'ana makutu a mtsikana uja wa kwaya." Ndolo za mikanda yofiila ndi yoyela. Ndaizindikila pomwepo. Ndi mikanda ya m'chiuno ya Amayi!

Muikumbuka, inali kukhala m'chitini cha mabisiketi. Anapatsidwa ndi alangizi pokwatiwa, chaka cha ufulu. Itaduka nthawi ija ya chipani chimodzi, m'masitolo mulibe ngakhale sopo, anasolola ulusi pa saka ya unga n'kuitunganso okha. Ngakhale ife ana awo sitinali kuigwila.

Ndathamangila ku Chelstone, kumene tinasiya chitini chija. Ndapeza Tisa, mwana wa achimwene Mabvuto, ali pa tebulo ndi waya ndi sizasi, chitini chili kukamwa yasa. Wadula yonse, wapanga ndolo ndi zibangili, zina wagulitsa kale. Pomufunsa akuti, "Anti, inali kungokhala. Agogo akanakondwa."

Akanakondwa? Chinthu chimene anali kuona Atate okha, lelo chikulendewela pa makutu kutsogolo kwa guwa!

Yotsala ndabwela nayo, siidzaza ngakhale dzanja.

Achimwene, mwana wanu sindinamugwile. Koma nditawafotokozela amake Daliso, andilasa ndi funso: "Nanga iwe zakhali ake, unamuuzapo kuti ndi ya chiyani?"

Manje tichite bwanji? Tiyende khomo ndi khomo kukaipempha? Nanga adzamukhazika pansi Tisa ndani, poti tonsefe tinangotseka chitini n'kukhala chete?