Lamba wa Chola cha Esinati

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala m'nyumba za anthu a njanji kuno ku Kafue. Atsikana a kutchalitchi kwathu tinakonza ulendo wapansi wa masiku anayi, kudutsa ku Chanyanya, kukachezera timipingo ta m'mbali mwa mtsinje. Aliyense anayenera kudzinyamulira bulangete, ufa, kapenta ndi kapoto.

Kutatsala sabata, atate anabwera kuchokera ku Lusaka ndi chikwama chobereka kumsana, chimene kuno timati chola. Chinali chobiriwira, cha nsalu yolimba ngati ya tenti, chokhala ndi malamba awiri a m'mapewa ndi wina wa m'chiuno. Chimodzi chokha, ana aakazi tili awiri. Anachipereka kwa mkulu wanga Esinati.

Mayo ine! Esinati anachibereka chopanda kanthu n'kuzungulira nacho komboni yonse. Kupompi anapita nacho, kumsika anapita nacho. Anzathu ankachisisita ngati khanda, ine ndili chiimire ndi chitenje chakale chomangira mtolo. 

Lachinayi masana, onse ali panja, ndinatenga lezala la atate. Sindinadule lamba yense ayi, ndinali wochenjera. Ndinangodula ulusi pamene lamba wakumanzere anasokedwera kuchikwama, n'kusiya tiulusi tochepa. Ndinkafuna chikamugwere panjira anthu amuseke, basi.

Mawa lake atate anatiitana. Iwo pantchito ankayendera njanji wapansi, masiku angapo katundu ali kumsana, ndiye za zola ankazidziwa.

"Bweretsani misana kuno," anatero.

Anatiyeza ndi chikhatho kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno. Kenaka anaika njerwa ziwiri m'chikwama n'kumubereketsa Esinati. Tiulusi tija tinagwira.

"Iwe Esinati watalika monga mlongoti. Lamba wa m'chiuno akukumanga m'nthiti, katundu yense azakulendewera m'mapewa. Tsiku lachiwiri uzalira. Tisa, bwera."

Tisa ndine. Chikwama chinakhala pamsana panga ngati anachisokera ine, lamba n'kugwira bwinobwino pamafupa a m'chiuno.

"Ni chako," atate anatero.

Esinati anatembenukira kwa ine. "Tenga, mwana wa amayi. Ine mutu wanga ni wolimba, ndizasenza mtolo."

Ndikanaulula bwanji? Akanandisiya pakhomo, anzanga n'kupita.  Tsiku loyamba lonse ndinayenda dzanja lili pa lamba wakumanzere ngati munthu wodwala mtima. Anzanga ankandisirira, ine thukuta lili kamukamu.

Tsiku lachiwiri, titapitirira Chanyanya, tinalowa m'dambo. Ndinaterereka, dzanja n'kuchoka pa lamba. Thu! Chikwama chinapendekeka n'kukhuthula zonse, ufa wanga wa ulendo wonse uli mbwee m'matope. Atsikana anaseka mpaka ena kukhala pansi. Kuseka komwe kuja ndinakonzera mkulu wanga.

Esinati anatula mtolo wake, natenga lamba uja n'kumuyang'anitsitsa. Ulusi woduka wokha umanyenyeka, koma uwu unali wodulidwa mwaudongo. Anandiyang'ana kamodzi kokha. Amayi otitsogolera atafunsa kuti chachitika n'chiyani, ndinadziwa kuti kwanga kwatha.

"Ulusi wa masiku ano ni wabodza, amayi," anayankha Esinati.

Anapita kwa mkazi wina wa msodzi amene ankayanika nsomba chapafupi, nabwereka singano ndi chingwe chosokera ukonde. Anasoka lamba uja mobwereza katatu, nandibereketsa yekha, n'kumangitsa lamba wa m'chiuno. Ufa tinadya wake, theka ndi theka.

Mwezi wathawu mdzukulu wanga ananditengera ku salaula, kumsika wa kaunjika, kukasankha chola chokakwerera mapiri ndi anzake a kukoleji. Iye anathamangira chofiira. Ine ndinamuyeza msana, ndinakoka malamba, ndinatembenuza msoko uliwonse.

"Ambuya, izi munaphunzira kuti?"

Ndinati kwa atate. Theka lake ndi loona.

Esinati tinamuika m'manda zaka zapitazo, wosatchulapo za lezala ngakhale tsiku limodzi, ngakhale pamene tinkakangana. Kale ndinkaganiza kuti ndinkamuchitira nsanje chifukwa cha chikwama. Chikwamacho ndinachipeza, ndinachibereka mpaka chinang'ambika. Koma mtima uja woona msoko wodulidwa n'kungopempha singano, umenewo mpaka lero ndikaukumbukira nsanje imandigwirabe.